Mbewu za Nangozo Tsidya la Mtsinje

Sunthirani pafupi, mawu anga safika patali.

Kalekale, kumudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje, anthu sankasunga mbewu m'nkhokwe imodzi. Ankazimanga m'timitolo n'kugawira abale, kuti moto kapena nankafumbwe akalowa kwa uyu, kwa uja kutsale. Nangozo, mayi wamasiye, mapira ake, nzama ndi nyemba anazisungitsa tsidya lina, m'nkhokwe zitatu za abale ake.

Chaka china mvula inabwera msanga. Kutacha, nkhungu inagona pamadzi ngati utsi, ngumbi zikuuluka, dothi likununkhira. Mtsinje unayamba kudzaza pang'onopang'ono. Nangozo anadziwa kuti ukasefukira suphwa mpaka mwezi utatha, ndipo munda wake ugonera wopanda kanthu.

Powolokera panali patatu: bwato, mtengo umene unagwa mopingasa, ndi pamchenga pomwe madzi ankalekeza m'chiuno. Koma onse odzamuthandiza anathamangira bwato, poti m'bwato munthu amakhala pansi. Linapendama, mtolo umodzi n'kupita ndi madzi, Nangozo akuwuona ukuzungulira mpaka unalowa mu nkhungu.

Apo Chadza, mlongo wake wamkulu, anakwera mumkuyu momwe ankaona powolokera ponse patatu. Bwato likadzaza, ankalozera anthu kumtengo. Kumtengo kukachuluka odikira, ataliatali ankawatumiza pamchenga. Madzi atafika pachifuwa, anailetsa njira imeneyo. Iye sananyamule ngakhale kanjere kamodzi.

Lufeyo, mlongo wamng'ono wa Nangozo, anawoloka pamtengo kasanu ndi kawiri, mtolo pamutu, mtengo ukuterera, thovu likumunyambita zidendene. Ulendo wina anakweza maso nati, "Achimwene, kumeneko mthunzi ukukoma, eti?"

"Yang'ana mapazi iwe, pakamwa pangakugwetse," anatero Chadza.

Nanga Nabiyeni, mlamu wake wa Nangozo? Ameneyu sananyowe n'komwe. Anakhala tsidya lino pamphasa, akulandira mitolo yochokera njira zitatuzo n'kumapapasa mfundo zake, pakuti mbewu iliyonse inali ndi kamangidwe kake. Ena akuti ntchito yatha, iye anati mfundo yamapasa sinafike, ndiye kuti omira aja ndi mapira ofiira. Anakumbukiranso kuti anzake a mapirawo ali m'nkhokwe yachitatu, pansi pa nzama. Chadza anayang'ana madzi nati kwatsala mtengo wokha, ndipo kamodzi kokha. Lufeyo anapita, nabwerako, ndipo asanatule n'komwe, mtengo unanyamuka n'kumayandama.

Nangozo anabzala tsiku lomwelo. Mapira anacha, munda wonse psuu, mbalame zikuzungulira pamwamba.

Tsono kumeneko, mowa wa mapira atsopano ukapsa, chipanda choyamba chimamwedwa ndi munthu mmodzi, amene anapulumutsa mbewu, ndipo sachigawana. Nangozo anatunga, naima pakati pa atatuwo. Lufeyo anangoonetsa mabala a m'mapazi. Chadza anati popanda maso ake onse akanamira ndi bwato. Nabiyeni ankangosisita mphasa, koma mowawo unali wa mapira ofiira aja.

Nangozo anaima pomwepo mpaka thovu linaphwa, chipanda chikulemera m'manja.

Ndiye ndikufunseni inu: apatse yani? Wogawa njira, wosenza katundu, kapena wozindikira chimene sichinafike? Kambiranani bwinobwino, ndipo mukapita kwanu, mukawafotokozereko amene sanabwere, mwina iwo akamuthandiza Nangozo kutula chipandacho.