Msoti Umene Sunathawe

Panali mkazi wina wongolowa kumene m'banja, dzina lake Mwatitha. Iye ndi mwamuna wake anapeza kanyumba kumapeto kwa tauni, kumene msewu wa phula umathera ndipo minda imayambira. Kuseri kwa nyumbayo kunali kabwalo kopanda kanthu. Mwatitha anati akufuna kuweta nkhuku. Mwamunayo anamumangira khola la nsungwi, lokwera m'mwamba, lofolera ndi udzu, kenaka anabwerera ku ntchito yake ya kutali, kumene ankachokako mwa apo ndi apo.

Mwatitha anali wofatsa, wa mawu ochepa. Pagulu ankakhala kumbuyo. Koma maso ake ankaona zambiri, ndipo nkhuku ankazidziwa kuyambira ali mwana kwawo. Sankafuna mathadzi otopa ndi kufungatira. Ankafuna misoti, nkhuku zazikazi zimene sizinayambe kuikira, kuti ikulire pakhomo pake ndi kuzolowera khola lake.

Anayenda m'misika ndi m'makomo. Akapatsidwa msoti, ankauyeza kaye kulemera kwake m'manja. Ankauyang'ana m'maso ngati ndi owala. Ankatambasula phiko kufuna utitiri. Ankautembenuza kuti aone ngati kunsi kwa mchira kuli kouma. Pomaliza ankauika pafupi ndi khutu, namvetsera kupuma kwake. Ambiri ankawabweza. Wogulitsa wina pamsika anatopa naye.

"Mayi, mukugula nkhuku kapena mukufunsira mbeta?"

Anthu anaseka. Mwatitha anamwetulira, nabwezera msotiwo m'dengu.

"Zikomo, bambo, ndiona kwina."

Kwa munthu wachilendo mawu amenewa sankamuvuta. Motero pang'ono ndi pang'ono anapeza misoti itatu yosiririka, ya nthenga zosalala, yothamanga ngati mphepo.

Kuseri kwa mpanda wa udzu kunkakhala mayi wachikulire, aNangozo. Amuna awo anali chigonere, atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo chakudya cholimba sankatha kumeza. Chimene chinkawasunga ndi phala loswera dzira. Mazirawo ankachokera ku nkhuku za aNangozo, gulu lalikulu la nkhuku zachikuda limene analiweta zaka zambiri. M'mawa uliwonse Mwatitha ankamva dzira likuswedwa pamlomo wa poto, ndi mawu a mayiwo akunyengerera: "Yasamulani, abambo, katsala pang'ono."

ANangozo ataona khola latsopano, anabwera ndi msoti wa kameta, wa khosi lopanda nthenga.

"Uwu ndi wa mbewu, mwana wanga. Musaudye, ngakhale kubwere abusa."

Misoti inakwana inayi. Mumpanda munali kabowo, ndipo nkhuku za mbali zonse ziwiri zinkadutsa pamenepo. Zinkatola madeya pabwalo limodzi, zinkamwa m'chitini chimodzi. Palibe amene ankadandaula.

Nyengo ya chilimwe itafika, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera apongozi a Mwatitha, mayi a mwamuna wake, kuchokera kumudzi. Anali asanapondepo pakhomopo. Anatsika minibasi kutali, nayenda wapansi, fumbi lili mbuu m'mapazi. M'khwapa anali atapanira msoti wofiira, womangidwa miyendo ndi luzi.

Mwatitha anayala mkeka pamthunzi, nagwada patali pang'ono monga ayenera mpongozi, nawapatsa moni. Atamwa madzi, mayiwo anatulutsa msotiwo.

"Ndinamva kuti mwamanga khola. Ndiye ndati khola la mwana wanga lisayambe popanda nkhuku ya kwathu. Kumudzi chaka chino zikungogwa, kaya ndi dzuwali. Wondigwirira ndinalibe, ndipo miyendo yangayi mukuidziwa. Zonse zinandithawa. Koma uwu, mayi, ndi wofatsa ngati inu nomwe. Unangoima chilili, ine n'kuutola."

Mwatitha anayenda chogwada, nalandira ndi manja awiri.

Mphatso sitembenuzidwa pamaso pa mwini wake. Sungatambasule phiko la nkhuku imene wapatsidwa ndi apongozi, ngati uli pamsika. Koma manja ake anamva zimene maso sanaloledwe kufufuza. Msotiwo unali wopepuka ngati mtolo wa nthenga. Thupi lake linali lotentha. Pachifuwa pankamveka kakuliralira ukamapuma. Ndipo Mwatitha ankadziwa kuti msoti wamoyo suima kudikira nkhalamba.

Anaganiza msanga. Kukhitchini kunali dengu lakale. Akanauvindikira pamenepo paokha mpaka aone.

"Zikomo kwambiri, amayi. Ndiuike kaye kukhitchini, upume."

"Kukhitchini?" Mayiwo anaseka, akuomba m'manja. "Mukufuna kundiphera nkhuku yanga yomwe? Ndabweretsa wa mbewu ine, osati wa ndiwo. Tiyeni, ndikaone kholalo. Ndikufuna ndikanene kumudzi kuti ndauona ukulowa."

Anadzuka movutikira, natsogola.

Mawu anali pa lilime la Mwatitha. Anali mawu ochepa: amayi, msotiwu ukudwala. Koma anayang'ana mapazi afumbi aja, ming'alu ya kuzidendene, ndi nkhope yowala ya munthu amene wabweretsa chokhacho chimene akanatha. Anaganiza za mmene nkhopeyo ingagwere. Anaganizanso za nkhani imene ingakafike kumudzi, yakuti mkazi wa kutauni uja wanyoza nkhuku ya apongozi ake. Nkhope yake inatentha.

Anamasula luzi. Anaika msotiwo m'khola, pakati pa inayi ija, natseka chitseko.

M'mawa mwake anaperekeza apongozi ake ku siteji. Pobwerera anathamangira kuseri kwa nyumba. Nkhuku zonse zinali pabwalo, zake ndi za aNangozo, zikupalasa. Msoti wofiira unaima pafupi ndi chitini cha madzi. Unali utavala jekete, monga anthu amanenera: mapiko atagwa mpaka pansi, mutu utalowa m'mapewa, ukuwodzera dzuwa lili pamutu. Pansi pake panali chitosi chamadzi, chobiriwira. Mwatitha sanafune wina womuuza. Chinali chitopa.

Anaunyamula, nauvindikira ndi dengu lija. Anataya madzi, natsuka chitini ndi phulusa. Koma ankadziwa kuti chimene chatsala si kutsuka. Chinatsala ndi kuitana aNangozo, kuti atsekere nkhuku zawo lero lomwe, apatule zimene sizinawoloke mpanda, aitane wa katemera kudzadonthetsera m'maso zimene zikanapulumuka.

Anapita pa mpanda. Anaima. Ayambe bwanji? Anene kuti apongozi ake abweretsa matenda? Anene kuti iye mwini anamva kutentha kwa msotiwo m'manja, koma anauikabe? Iye amene anabweza nkhuku za msika wonse?

ANangozo anatulukira ndi poto m'manja.

"Mwadzuka bwanji, mwana wanga? Alendo apita?"

"Apita, amayi."

"Ndinaona akubweretserani wofiira. Ndi wabwino?"

"Ndi wabwino."

Mawuwo anatuluka okha. Atatuluka, sanathenso kuwabweza.

Msoti wofiira unafa dzuwa lisanalowe. Mwatitha anaukwirira kuseri kwa bafa, nasalaza dothi ndi phazi. Anatseka kabowo ka mumpanda ndi njerwa, osauza munthu. Nkhuku za aNangozo zinapeza potseka, zinangouluka pamwamba, monga nkhuku zimachitira.

Kenaka inayamba misoti yake. Woyamba unasiya kudya. Wachiwiri unapinda khosi, nuzungulira pamalo amodzi mpaka kugwa. Wa kameta unalimba kuposa inzake, koma nawonso unavala jekete. Mwatitha ankakwirira umodziumodzi, mwakachetechete, akudziuza kuti mwina zithera kwa iye yekha.

Sizinathere kwa iye. M'mawa wina tambala wa aNangozo sanalire. Kuseri kwa mpanda kunayamba kumveka khasu. Kunabwera fungo la nthenga zopsa. Mathadzi amene ankatetera tsiku lonse anatha, ena atafera pa mazira. Bwalo limene linkasokosa linangoti zii.

Mpanda wa udzu subisa mawu. Mwatitha akusesa anamva bambo wodwala uja akulankhula movutikira, lilime likulemera.

"Dzira... lili kuti?"

"Mawa, abambo. Lero idyani phala lomweli."

"Silikupita."

"Yesani pang'ono. Yasamulani."

Mwatitha anasiya tsache, nalowa m'nyumba, natseka chitseko masana. Kuyambira pamenepo ankatunga madzi nthawi imene anzake achoka pa mjigo. Akamva mapazi a aNangozo, ankapeza chochita kuchipinda. Chakudya sichinkamukomera.

Tsiku lina anamva "Odi!" pakhomo. Anali aNangozo. Anali ataonda, chitenje atachimanga mosasamala. Mwatitha anayala mkeka, koma mayiwo anaukana, nakhala padothi, manja ali pamaondo.

"Mwana wanga, ndaona kuti mukundizemba, ndipo sindikukudandaulani. Ndabwera kudzapepesa."

Mayiwo anapitiriza.

"Nkhuku zanga zija zinali zoyendayenda. Kudzala zinkafika, kumsewu zinkafika. Kaya zinakatola kuti matendawa, n'kudzawatula m'khola lanu latsopano. Ine ndinkaona zikulowa kwanu, osaziletsa. Ndinakuonani mmene munavutikira kusankha misoti ija, dzuwa lonse lija. Ngakhale wa apongozi anu, woti sunathe ndi sabata yomwe. Mukawauza chiyani? Ine munthu wamkulu kuonongera mwana chiyambi chake. Manyazi andigwira, sindikudziwa poyang'ana."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mng'ono wanga kutsidya kwa mtsinje ali nazo nkhuku, kumeneko sikunafike. Mphepo ya matendayi ikadutsa, ndidzapita ndekha kukakupempherani misoti iwiri. Mudzasankhe nokha, mmene mumachitira muja. Mundikhululukire."

Panali njira yapafupi. Akanangonena kuti palibe kanthu, amayi, ndi matenda, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Akanakhala munthu wabwino amene wakhululuka. Koma anaona mayi wa imvi atakhala padothi pakhomo pake, atasenza katundu amene sanali wake, ndipo manyazi amene anamugwira tsopano anaposa onse aja anawathawa.

Anatsika pamkeka, nagwada.

"Amayi, si nkhuku zanu. Ndi wofiira uja. Unabwera ukudwala. Ndinamva m'manja mwanga pomwe ndinkaulandira, koma ndinachita manyazi ndi apongozi, ndinauika m'khola. M'mawa mwake ndinaona kuti ndi chitopa. Munandifunsa pa mpanda, ine ndinati ndi wabwino. Unafa tsiku lomwelo. Uli kuseri kwa bafa."

ANangozo anayang'ana khola lopanda kanthu. Anayang'ana njerwa ija pa kabowo, ngati akuiona koyamba.

"Tsiku lija," anatero pomaliza, "mathadzi anga asanu anali m'nyumba, akufungatira. Anali asanatuluke. Ndikanangokoka chitseko."

Mwatitha anaweramitsa mutu mpaka pansi.

Mayiwo sanakalipe. Anagwira bondo, nadzuka pang'onopang'ono, nasasa fumbi pachitenje.

"Sindinali kutali, mwana wanga. Ndinali pompano."

Kuseri kwa mpanda wodwala uja anaitana, ndipo aNangozo anapita.

Abale anga, mkazi uyu sanali woipa mtima, ndiponso sanali mbuli. Anadziwa. Anali ndi ulemu, ndipo ulemu ndi chinthu chabwino. Koma pali kukhala chete kumene timakutcha ulemu pamene ndi mantha chabe, kuopa kuti nkhope yathu ingatenthe kwa kanthawi. Ambiri a ife tili ndi mawu amene tawasunga pa lilime, okhudza thanzi la mwana, kapena ngozi imene mnzathu sakuiona, kapena cholakwa chathu chimene chikadali chaching'ono. Tikuti tidzanena pakapezeka mpata wabwino. Mpata umenewo sudzabwera. Manyazi a lero ndi anu nokha, ndipo mungawapirire. Mukawasunga, adzawalipira ndi munthu wina amene sanalakwe. Ngati pali amene ayenera kumva kanthu kwa inu, pitani mukamuuze akadali ndi chitseko choti akoke.