Timiyala ta Pansi pa Galimoto ya a Ngozo

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Pamakhala munthu amene adayamba kuunena, ndipo kawirikawiri amaunena misozi ili m'maso. Umene ndikuuzeni lerowu, kwathu ku Ntcheu timati udabadwira pabwalo la a Ngozo. Ena adzakutsutsani kuti mwambiwo ndi wakale kuposa galimoto. Asiyeni atsutse, ine ndikunena monga ndidamvera.

A Ngozo adagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi m'migodi ya ku Joni. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga, wailesi ndi majasi, koma iwo adabwera ndi chigalimoto chofiira, chachitali, cha zitseko ziwiri, injini yake ya masilinda asanu ndi atatu. Akachiliza m'mawa, nkhuku za mudzi wonse zinkabalalika, ndipo anthu adachitcha Njati. Adabweranso ndi chinthu china chimene sankakonda kuchitchula: fumbi la mumgodi lidawapha mphuno. Ndiwo zinkatha kupserera iwo ali khale pakhomo pa khitchini, osamva fungo lililonse.

Akazi awo, Anachisale, adali mayi wofatsa, wodzuka m'mamawa, koma wodwala mphumu. Ana awo adali atakula n'kupita m'tauni, choncho pakhomopo adatsala awiriwiri. Chisanu cha mwezi wa Juni chikafika, chifuwa chinkawatseka mayiwo mpaka kusowa mpweya, ndipo chowatsitsimutsa chidali jakisoni wa kuchipatala cha mishoni, mtunda wa mamailosi khumi ndi asanu. Ndiye musaganize kuti Njati idali yongonyadira basi. Kanayi konse idawathamangitsira Anachisale kuchipatala n'kuwabweza ali moyo.

Koma galimoto nayo imakalamba. Chaka china Njati idayamba kumwa mafuta mosadziwika bwino. Petulo amene kale ankakwana kupita kuboma ndi kubwerera, tsopano ankathera panjira. Muvi woonetsa mafuta udali utafa kalekale, choncho a Ngozo ankangowerengera m'mutu magaloni amene athira ndi mtunda umene ayenda, ndipo masamuwo adayamba kukana.

Bambowa adavula jekete n'kutsekula boneti. Adasintha mapulagi onse asanu ndi atatu. Adachapa sefa ya mpweya n'kuyiyanika padzuwa. Adamasula kabureta n'kuyala tizitsulo take pathumba, kutipukuta kamodzikamodzi ndi nsanza. Matayala adawapopa mpaka kuuma gwa, ndipo zitsulo zolemera zimene ankasunga kumbuyo adazitsitsa zonse. Injini idayamba kulira bwino kuposa kale, utsi wakuda udatha, koma mafuta ankapitabe.

Tsiku lina m'mawa, Anachisale akusesa pabwalo, adaima kumbuyo kwa galimoto n'kuwerama.

“A Ngozo, tabwerani muone. Ichi n'chiyani?”

“Chiyaninso?” adayankha a Ngozo, mutu uli m'boneti.

“Pansi apa panyowa. Ndiponso pakununkha petulo.”

“Nanga galimoto ikapanda kununkha petulo inunkhe chiyani, thobwa?” adatero a Ngozo akuseka. “Amenewo ndi mame. Matenda a galimoto amakhala ku injini, Nachisale. Munthu akamalira mutu simumuyang'ana kuchidendene.”

Pamene a Ngozo ankadutsa kumbuyoko cha m'ma teni, dzuwa lidali litaumitsa pamwamba pa dothi, ndipo iwo sadaone kanthu. Sadawerame n'komwe.

Pamsika padali makanika wina wachikulire, a Gwaza, amene adali ndi dzenje loonera magalimoto kunsi. Atamva madandaulo a a Ngozo adati, “Bwerani nayo padzenje, achimwene. Wina akhale pamwamba, wina pansi, tiyione tili awiri.”

Mawuwo adawalasa a Ngozo pamtima. “Galimoto iyi ndidachoka nayo ndekha ku Joni, kudutsa Halale, kuwoloka pa Tete, popanda munthu wondigwirira sipanala. Lero ndiye ndikaphunzire kwa wokonza njinga?”

“Chabwino, eni ake ndinu,” adatero a Gwaza, n'kubwerera kuntchito yawo.

Amuna ena, ana inu, kufunsa amakuyesa kuvula chipewa pamaso pa anthu. Poti injini sidawaonetse cholakwa, a Ngozo adaganiza kuti pali wina amene akuwabera mafuta. Adagula loko n'kukhoma pachitsekerero cha thanki, ndipo anansi amene adakhala nawo bwino zaka zonse adayamba kuwayang'ana ndi diso lofiira.

Patapita masabata angapo, Anachisale adayesanso. Adawapeza amuna awo atakhala pansi, kabureta ili pathumba kachitatu, kasikuluwu kamodzi katasowa m'fumbi.

“A Ngozo, pepani, musanditenge ngati wovuta. Ponyowa ndidanena paja pakukulirakulira. Ndakhala ndikuika timiyala m'mbali mwake kuti ndione. Udzu wafa, ngakhale nyerere zikumalambalala. Kodi chimenechi n'chiyani?”

“Mayi inu, simukuona kuti ndatanganidwa?” adakalipa a Ngozo. “Inu dziwani za tsache, ine ndidziwe za sipanala!”

Anachisale adangoti, “Ndamva,” n'kunyamula tsache lawo. Kuyambira tsiku limenelo sadaitchulenso nkhaniyo.

Musafulumire kuwada a Ngozo. Akazi awo ankawakonda, ndipo zimene adachita mwezi wa Juni utayandikira zikuchitira umboni. Adagulitsa mbuzi, n'kugula magaloni atatu a petulo, okwana kupita kuchipatala ndi kubwerera n'kutsalako. Adathira m'thanki, adakhoma loko, n'kufunditsa galimoto ndi lona.

“Awa ndi mafuta a kuchipatala,” adawauza akazi awo. “Njati siyendanso mpaka chisanu chithe. Galimoto yoima simwa mafuta.”

Adasungadi mawu awo. Kutagwa maliro kutsidya kwa phiri, adapita wapansi, munthu wa galimoto, miyendo mpaka kutupa. Anthu adawaseka panjira, iwo osalabadira. Masabata atatu adatha Njati ili chiimire, ndipo mtima wa a Ngozo udali m'malo chifukwa kiyi wa loko adali m'thumba mwawo.

Lachitatu lina kudacha ndi nkhungu ndi kamphepo kolowa m'mafupa. Anachisale adatuluka kukasesa monga mwa masiku onse, koma tsache lidagwa m'manja. A Ngozo adawapeza atatsamira khoma, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira ngati mluzu.

“Limbani mtima, Nachisale. Theka la ola tikhala tafika.”

Adakoka lona, adawanyamula n'kuwakhazika kumpando wakutsogolo, n'kuwafunditsa bulangete. Njati idalira kamodzi kokha. Adadutsa pasukulu, adawoloka mlatho, fumbi lili kobo kumbuyo. Atayamba kukwera chitunda cha kuseri kwa mtsinje, mamailosi asanu okha kuchokera kunyumba, galimoto idatsokomola. Idagwedezeka kawiri, n'kuzima.

A Ngozo adapotokola kiyi, adapondaponda, koma ayi ndithu. Adathamangira kuboneti, kumene manja awo adazolowera. Zonse zidali zoyera, zomangika bwino, mapulagi atsopano akunyezimira. Kenaka adapita kumbuyo, adagwada, n'kugogoda thanki ndi sipanala. Idalira ngati chitini chopanda kanthu. Adayang'ana loko, ndipo loko adali chikhomere.

Msewu umenewo masiku amenewo unkadutsa lole imodzi patsiku, mwinanso osadutsa. A Ngozo adakuwa, adathamangira kumtunda, adabwerera. Pomaliza kudatulukira bambo wina ndi ngolo ya ng'ombe, akuchokera kuchigayo. Adatsitsa matumba ake pambali pa msewu osafunsa zambiri, ndipo adawagoneka Anachisale m'ngolomo, mutu uli pamiyendo ya amuna awo.

Ng'ombe ndi ng'ombe, ana inu. Ngakhale uzikwapule bwanji, mamailosi khumi sizingawadumphe. Dzuwa lidakwera, nkhungu idachoka, ndipo mluzu wa m'chifuwa uja unkacheperachepera. A Ngozo ankangobwereza kuti, “Ndidathira atatu, Nachisale. Ndidathira ndi manja angawa.”

Mayiwo adawagwira dzanja. Mawu ankatuluka limodzilimodzi. “Musadzivute... a Ngozo... mwayesetsa.”

Malata a chipatala atayamba kuonekera patali pakati pa mitengo ya bulugamu, dzanja lija lidalefuka. Mwini ngolo adatembenuka, adayang'ana, n'kuvula chipewa. Ng'ombe zidapitiriza kuyenda chifukwa padalibe woziuza kuti ziime.

Maliro adayikidwa, ana adabwera n'kubwerera, abale adameta n'kubalalika. Njati adachita kuikoka ndi ng'ombe, ndipo adaisiya pansi pa mtengo wa mango, osati pamalo pake pakale. A Ngozo adatsala okha, ndi chisoni chosakanikirana ndi ukali. Ankakhala pakhonde n'kumawerenga anansi awo m'mutu, kufunafuna amene adatsekula loko n'kuwaphera mkazi.

Masamba adadzaza pabwalo popeza wosesa padalibe. Tsiku lina m'mawa manyazi adawagwira, ndipo adatenga tsache lija kuseri kwa chitseko. Kuyambira pamene adakwatira adali asanasesepo bwalo lawo. Adasesa mokhotakhota, msana ukuwawa, mpaka adafika pamene galimoto inkaima.

Pamenepo tsache lidakodwa pa timiyala. Atachotsa masamba adaona dothi lakuda, lopanda udzu ngakhale umodzi, lalikulu ngati lichero. M'kati mwake mudali mzere wa timiyala wozungulira, waung'ono. Kunja kwake kudali wina wokulirapo, ndipo kunja kwa umenewo wachitatu, woyalidwa bwino ndi dzanja losamala. A Ngozo adaimirira n'kutembenukira kukhitchini, pakamwa patatsogola maganizo.

“Nachisale, tabwerani muone. Ichi n'chiyani?”

Kukhitchini kudali zii. Nkhuku yokha idatuluka pakhomopo, n'kupita kukapalasa kudzala.

Apo m'pamene adakumbukira mwini funsolo. Adakhala pansi pafumbi. Adatapa dothi lakudalo n'kuliyika pamphuno, koma mphuno yawo yakufayo sidawauze kanthu. Adalira bamboyo, kulira kwenikweni kumene sadalire ngakhale kumanda.

Madzulo ake adamanga dothilo pakansalu n'kuyenda wapansi mpaka pamsika. A Gwaza adadabwa kuwaona ataima pakhomo pa galaja, chipewa chili m'manja.

“A Gwaza, ndabwera kudzapempha. Tandinunkhizirani dothi ili.”

A Gwaza adanunkhiza kamodzi kokha. “Petulo uyu, achimwene. Walowerera ndithu, si wa tsiku limodzi.”

M'mawa mwake adapita awiri pansi pa mango paja. A Gwaza adaima pamwamba n'kuthira botolo la petulo m'thanki, a Ngozo atagona chagada kunsi kwa galimoto. Adadikira. Kenaka pa paipi yotuluka m'thanki, pamene dzimbiri lidadya, padatuluka kadontho. Kadakula pang'onopang'ono, n'kugwera pamalaya awo. Patapita kanthawi kadabweranso kena. Kabowo kake kadali kochepa ngati ka singano, ndipo kankadontha usana ndi usiku, galimoto iyende kapena iime.

A Gwaza adadula podyekapo n'kulumikiza kapaipi kotalika ngati chala. Ola silidakwane ntchito itatha. Adapukuta manja n'kulongedza zida zawo.

“Nachisale adandifunsa kawiri, a Gwaza,” adatero a Ngozo, akadali khale pansi. “Iwo adali ndi mphuno, ine ndidali ndi sipanala. Ndikadangoyenda mapazi asanu kuchoka kuboneti kufika kumbuyo kuno, bwenzi lero akusesa pabwalo pano. Dzulo ndafunsa ine funso lomwelo, wondiyankha palibe. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.”

Kuyambira pamenepo Njati idasiya kumwa mafuta. Galoni imodzi inkafika kumene inkafika galimotoyo ili yatsopano, ndipo anthu ankayamikira. A Ngozo ankanyamula odwala a m'mudzimo kupita nawo kuchipatala, ndipo asanalize injini ankamufunsa aliyense amene wakhala pambali pawo kuti, “Mukumva fungo lanji? Nenani, musaope.” A Gwaza ndiwo adafalitsa mawu aja pamsika, ndipo adayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kusanduka mwambi.

Ndiye mukamva akulu akuti “ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri,” tanthauzo lake ndi ili: munthu mmodzi, ngakhale akhale katswiri, saona zonse. Chimene chakudutsa iwe mnzako amachiona, ndipo chinthu chodabwitsa chimadziwika pamene wina wafunsa, wina n'kubwera kudzayang'ana. Koma mwambiwu uli ndi mbali ina yowawa, imene a Ngozo adaiphunzira mochedwa: kukhala awiri si kwamuyaya. Ngati pakhomo panu pali munthu amene amakuitanani kuti “tabwerani muone,” siyani chimene mwagwira, mupite mukaone iye akadalipo.

A Ngozo adakhala zaka zina zisanu ndi zinayi. M'mawa uliwonse ankasesa okha bwalo lawo, ndipo tsache likafika pa timiyala tija ankalilambalalitsa.