Denga la Sukulu ya Kwacha ndi Phewa la Ganizani

Dzuwa linali paliwombo, ophunzira anayi ali kalikiliki kukhoma mapaso pansi, thukuta lili kamukamu. Anachokera ku yunivesite kumene ankaphunzira zomangamanga. Mphunzitsi wawo, a Chimbalanga, anawatuma kwathu kuti adzatimangire chisakasa ife amayi a sukulu ya kwacha, poti tinkaphunzirira pansi pa mtengo ndipo mvula inali pafupi. Lamulo lawo linali limodzi: ntchitoyo ndi ya gulu, wodzipatula abwereza chaka.

M'gululo munali Zione, Tsala, Lonjezo ndi Ganizani. Ganizani anali katswiri wa masamu, ndipo mwini wake ankazidziwa zimenezo.

Mvetsani ana inu, ndisabwereze. Kwathu denga lozungulira timamangira pansi, likatha timamema anthu kudzalikweza. Koma anthu samemedwa kukamwa kuli gwa. Pamafunika thobwa, ndipo chimera chathu chinali chisanaume.

"Mayi, thobwalo lipsa liti?" Ganizani anafunsa a Nachisale, wapampando wathu.

"Loweruka, mwanawe. Si tsiku lomwe akubwera aphunzitsi anu?"

"Loweruka! Denga lidikire phala?"

Masana aliwonse anzake ankakhala pamthunzi kukambirana za ntchito. Iye ankakhala payekha, akujambula makina ake okwezera denga: mlongoti wa bulugama, gudumu lachitsulo ndi chingwe. Zione anasuzumira.

"Achimwene, ndi nzeru yabwino iyi. Kulemera mwawerengera, nanga mphepo? Dengali likachoka pansi lizizungulira. Pafunika anthu m'mbali."

"Chemwali, paja masamu a chaka chatha munachita kulembanso?" anayankha Ganizani.

"Musiyeni injiniya wamkulu," anatero Lonjezo. "Ife ndi aganyu ake."

Lachisanu m'mawa anzake anapita kumsika kukagula misomali, ife tili pamtondo kusinja chimera. Ganizani anadzutsa mlongoti wake. Ankafuna a Chimbalanga adzapeze denga lili pamwamba, afunse kuti mwini nzeruyo ndani.

Denga linanyamukadi, masamu ake sananame. Koma litakwera pang'ono kamphepo kanadutsa, dengalo n'kutembenuka, mlomo wake n'kukodwa pansanamira. Mnyamata uja anamangirira chingwe pamtengo, n'kulowa pansi pa dengalo kuti alikankhe ndi mutu. Mlongoti unapendekeka. Tinangomva khuu, kenaka "Mayo ine!"

Tinataya minsi n'kuthamanga. Denga linali litamugwera, ndiye amayi tonse tinalitukula mbali imodzi, a Nachisale n'kumukoka miyendo. Ataona kuti akupuma, mtima unakhala pansi, mkwiyo n'kubwera.

"Iwe mwana! Kamutu kamodzika umati kasenze denga?"

Anapita naye kuchipatala panjinga. Fupa la paphewa linali litathyoka.

Anzake sanataye nthawi ndi kudandaula. Anasintha mapaso osweka, mlongoti uja n'kuulimbitsa ndi zingwe mbali zonse. Loweruka thobwa linapsa, anthu anadzadza bwalo. Lonjezo anagwira chingwe, Zione anaimika anthu mozungulira molingana ndi misinkhu, Tsala n'kuyambitsa nyimbo. Gudumu linasenza kulemera, mitu yathu n'kuwongolera. Denga linakhala pansanamira mwakachetechete ngati nkhuku pamazira, nthungululu n'kuphulika.

Ganizani anaonerera ali pampando, mkono uli m'nsalu. Lonjezo anamupatsa chikho.

"Gwirani ndi dzanja latsalalo, bwana injiniya."

Iyenso anaseka, ngakhale phewa linkamulasa.

A Chimbalanga anazungulira makina aja n'kugwedeza mutu. "Ndi abwino. Koma anzako unawafunsa?"

"Anandiuza okha, aphunzitsi. Ine sindinamve."

"Wayankha zoona. Tionana chaka chamawa, kalasi yomweyi."

Mawu a a Nachisale aja anayenda mudzi wonse, anafika kumsika, mpaka anawongoka n'kukhala mwambi umene mumaumva lero: mutu umodzi susenza denga. Tanthauzo lake si lakuti munthu mmodzi alibe nzeru, ayi. Nzeru za Ganizani zinatithandiza ndithu. Koma ntchito yaikulu ili ndi mbali zambiri, ndipo mbali imene iwe sukuiona amaiona mnzako. Ukamutseka pakamwa, wadzitseka maso.

Ife mvula inatipeza tili m'chisakasa, tikulemba mayina athu osanyowa. Zione, Tsala ndi Lonjezo anamaliza maphunziro chaka chomwecho. Ganizani anawaombera m'manja ali pakati pa alendo, n'kubwerera m'kalasi kukayambiranso ndi gulu lina. Lero ndi injiniya wodziwika, koma phewa lake lakumanzere ndi lotsika, ndipo kukazizira limamuwawa.