Kabuku kofiira ka a Jeremias

A Jeremias Afonso a ku Chidzolomondo anali munthu wa fodya. Kumunda ankalima fodya, pakhonde ankapota fodya, ndipo ukawapeza opanda ndudu pakamwa unkayamba wafunsa ngati kwagwa zovuta. Paunyamata wawo anagwira zaka khumi ndi chimodzi ku migodi ya golide ku Joni, kuboola mwala pansi pa nthaka, ndipo anabwerako ndi njinga, chipewa ndi kabuku ka chikuto chofiira. M'kabukumo munali numeru yawo ya kumgodi ndi zidindo za chaka chilichonse chimene anagwira. Akazi awo, a Madalena, ankakasunga pansi pa zovala m'bokosi.

Nkhondo itafika kwawoko ku Macanga, makantina, timasitolo tija, anatsekedwa. Mchere unasowa, sopo anasowa, pepala ndiye osanena. Amuna onse anabwerera kokulungira fodya m'makoko a chimanga, koma a Jeremias anati munthu amene anaona magetsi a ku Joni sangaike khoko pakamwa ngati mbuzi. Tsiku lina a Madalena pochokera kudimba anawapeza ali pakhonde, kabuku kali pabondo, utsi uli tolotolo.

"Bambo a Tina, mukusuta chiyani?"

"Pepala lofewa ili, make Tina. Azungu aja ntchito yawo inali yowawa, koma pepala amalidziwa."

"Suja munandiuza nokha zimene ananena kalaliki wa kumgodi? Kuti fumbi la mwala limagona m'chifuwa zaka zambiri, ndipo likadzadzuka, mboni yanu ndi kabukuka?"

A Jeremias anadziguguda pachifuwa. "Mwamva kulirako? Ng'oma imeneyi. Anzanga anatsala pansi, ine ndinatuluka wamphumphu. Ndinadala ine, za mgodi zinatha."

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse, potuluka m'tchalitchi, tsamba limodzi linkang'ambidwa, ndipo anzawo a a Jeremias anachuluka mwadzidzidzi. Amene ankakana ndudu zimenezi anali a Ernesto okha, mnzawo wa kumgodi, amene kabuku kawo anakapinda m'kansungwi n'kumata phula kukamwa kwake. A Jeremias ankawaseka kuti akusungira chiswe ndiwo. Tsamba lomaliza, lija la numeru, linapsa pa chinkhoswe cha Tina. Analigawana ndi amalume a mkamwini, ndipo alendowo anapita akuyamikira kuti pakhomo pamenepa pali ulemu.

Patapita zaka zitatu, mfuti zinayandikira ndipo mudzi wonse unathawira ku Furancungo. Pa chitunda choyamba ng'oma ija inakana kulira. A Jeremias anakhala pansi, mpweya ukuperewera, ndipo mtolo wawo anawasenzera a Madalena. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a chifuwa chachikulu, koma chifuwacho sichinamve. Namwino wa pamenepo, enferimeru Estêvão, atawamvetsera pamsana anafunsa ngati anagwirako ntchito ya miyala.

"Zaka khumi ndi chimodzi, sinyoro enferimeru," anayankha monyadirabe.

"Ndiye ndi fumbi limeneli, bambo. Ine sindingalichotse, koma musataye mtima. Kumene munagwirako kuli lamulo: wopwetekedwa ndi fumbi la mgodi ayenera kupimidwa ndi kulandira chipukutamisozi, ngakhale anachoka kalekale. Si chifundo ayi, ndi ufulu wanu. Abambo mfumu apita ku Tete ndi koluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali, Lachisanu, atitengera makalata. Ya a Ernesto ndalemba kale. Ndipatseni dokumentu yanu ndikopere numeru."

A Jeremias anayang'ana kudenga. Anati numeruyo inkayamba ndi kwaturu, folo uja, kapena seti, seveni uja, ndipo pakati panali ziro. Anatchula dzina la kapitao, anatchula ndi la wophika nyemba. A Estêvão anapukusa mutu. "Kumgodi a Jeremias ndi ambiri ngati mchenga. Munthu amam'peza ndi numeru."

Pamenepo a Madalena anamasula kansalu kawo, natulutsa chikuto chofiira chimene anathawa nacho osadziwa chifukwa chake, n'kuchiika patebulo.

"Dokumentu ndi imeneyi, a enferimeru. Zam'kati zili m'chifuwa momwemo, pamodzi ndi fumbilo."

A Estêvão anafuna kuseka, koma ataona misozi m'maso mwa mayiyo anangotsokomola. Zinali zomvetsa chisoni ndithu: mgodi unawadyera mapapo, ndipo umboni anausuta okha.

Chimanga chisanache, a Ernesto analandira yankho lowaitana kokapimidwa. Anadzera kwa mnzawo kukatsazika, nawapeza ali pamphasa, fodya anasiya, akupuma ngati munthu wokwera phiri. A Jeremias anayang'ana kansungwi kaja kali m'khwapa mwa a Ernesto, ndipo za chiswe sanatchulenso.

Akuluakulu sananame: linda madzi apite, ndipo uziti ndadala.