Mlonda wa Miyala Yotaya

Woyendera migodi, a Chidzanja, anafika pa kamgodi ka mayi Nangozo n'kuloza mulu wa miyala yotaya umene unkagumukira mumtsinje.

"Muchotse chimuluchi, apo ayi nditseka mgodi. Pokhapokha mutandiganizira timiyala tofiira timene mumakumba tija."

Mayi Nangozo analibe lole, ndipo timiyalato sanafune kupereka. Anangotchinga muluwo ndi waya, n'kuikapo mlonda wa chibonga.

Atabweranso, a Chidzanja anadabwa. "Mayi, zinyalala amalondera?"

"Iii, bwana, tsitsani mawu," ananong'ona mayiwo. "Tengani china chilichonse, koma apa pokha ayi."

A Chidzanja anameza malovu. "Mulu wonsewu ndaulanda m'dzina la lamulo!"

Anachita hayala malole, n'kukakhuthula miyalayo kuseri kwa nyumba yawo. Anasefa mpaka manja kutuluka matuza, osapeza ngakhale kamwala kamodzi konyezimira. Anabwerera ku mgodi akuwira ndi mkwiyo.

"Takulandirani, bwana," anatero mayi Nangozo akusesa pamene panali mulu paja. "Kuno lamulo talitsata. Koma tamva kuti kwanuko wina waunjika zinyalala za mumgodi pakati pa nyumba za anthu. Mukamulanga nokha, kapena tiitane akuluakulu anu?"