Nkhandwe wa Mayina Anayi

Kalekale, ana inu ndi akuluakulu omwe, kunali Nkhandwe, mayi wamasiye wa ana atatu. Poti ankayenda kutali kusaka chakudya, dera lililonse linamupatsa dzina lake. Kuphiri ankamutcha Namchira. Kudambo ankati Nankhanu, chifukwa chofukula nkhanu. Kumidzi, eni nkhuku ankati Nakhola, ndipo potchula dzinalo ankalavula malovu.

M'mawa wina, chaka cha njala, Nkhandwe ali pafupi kufika pa una wake, Fisi anamugwira mchira, gwi!

"Lero ndiye ndadya!" anatero Fisi.

Nkhandwe anaponya maso ku una wake. M'kati mwa unamo ana anali kumudikira.

"Idyani, achimwene," iye anati. "Koma taonani nthitizi. Mafupa okhaokha. Onenepa ndi akulu anga atatu aja."

"Akulu ako ati?"

"Aa! Simunamvepo za Namchira? Nankhanu? Nakhola?"

Fisi anali atawamvadi mayinawo, kuphiri, kudambo, kumidzi. Dovu linayamba kutsika, chuchuchu.

"Ali kuti?"

"Muunamu. Uli ndi makomo anayi, aliyense lake. Ndisiyeni ndikawauze kuti kwabwera mlendo."

Fisi anawerenga pa zala: mmodzi woonda, atatu onenepa. Anautaya mchira uja. Nkhandwe m'una lowu!

Fisi anathamangira khomo loyamba. "Namchira!"

"Ndikubwera, ndikudzola mafuta!" Anali Nkhandwe yemweyo, atakulitsa mawu.

Anathamangira lachiwiri. "Nankhanu!"

"Dikirani, ndimalize kudya!" Nkhandwe yemweyo, tsopano akulankhulira m'mphuno.

Anathamangira lachitatu, wefuwefu. "Nakhola!"

"Mayo, ndanenepetsa! Khomo landichepera. Ndikokeni, bambo!"

Fisi sanaganize kawiri. Analowetsa mutu, anakankha khosi, anakankha mapewa, mpaka thina! Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Miyendo yokha kunja, piriupiriu.

Pa khomo lachinayi Nkhandwe anatulutsa ana ake mmodzimmodzi, atawanyamula ndi mano pakhosi, nakawabisa kutsidya kwa mtsinje. Atatha anabwerera, nagogoda Fisi pamsana mwaulemu.

"Achimwene, tatsanzika. Tonse anayi tapita."

Fisi anadzizula dzuwa lili paliwombo, khosi lonse litasupuka. Koma sanaphunzire kanthu. Mpaka lero amayenda dera ndi dera kufunsa, "Kodi Nankhanu mwamuona?" Akamuuza kuti wangodutsa kumene, iye amanyambita milomo n'kunena kuti, "Ameneyo ndiye wonenepa."

Nthano yanga yagona pamenepa. Wosusuka akamva mayina ambiri, amataya nyama imene ili m'manja.