Pampu Yapamwamba

M'chipinda cha odwala mwakayakaya munali mabedi asanu ndi limodzi, ndipo simunkakhala zii. Makina ankalira mosinthana ngati nkhululu za m'munda. Pa bedi lachinayi panagona bambo wina wowotcherera zitsulo, amene anabwera thumbo litabooka. Atamuchita opaleshoni, ankapumira makina, ndipo kumutu kwa bedi lake kunali mapampu awiri osanjikizana pa mlongoti wachitsulo, iliyonse ikukankha mankhwala pang'onopang'ono kulowa mumtsempha.

Mwa chizolowezi cha m'chipindamo, pampu yapamwamba inkakhala ya mankhwala okweza bipi, kuti magazi aziyenda ndi mphamvu, ndipo yapansi inkakhala ya mankhwala ogonetsa. Palibe buku limene linalemba zimenezi. Zinangozolowereka, monga dzanja lidziwira njira ya kukamwa ngakhale mumdima. Lamulo lolembedwa linali lina: munthu asanasinthe mlingo wa pampu, anamwino awiri aziwerengera limodzi kapepala komata pa jakisoni, mmodzi n'kulondola kapaipi ndi chala mpaka pamene kalowera m'thupi.

Sisitala wamkulu wa m'chipindamo anzawo ankawatcha a Mphenzi. Anali atagwiramo zaka makumi awiri, ndipo mtsempha umene wasowa kwa aliyense iwo ankaupeza kamodzi n'kamodzi. Luso lawo panalibe wolitsutsa. Chimene sankachifuna n'choti wina awaimirire kumbuyo pamene akugwira ntchito.

Tsiku limenelo anafika m'mawa n'kupeza namwino amene anachezera pa ntchito akuwadikira ndi faelo m'manja.

"Bedi lachinayi, mayi, pali kankhani pang'ono ka mapampu..."

"Bipi ili bwanji?"

"Ikungolendewera, koma sinagwe."

"Mkodzo?"

"Ukutuluka pang'ono. Koma ndimati ndinene za..."

"Zinazo ndiziona ndekha. Pita ukagone, mng'ono wanga, maso afiira ngati wachezera kumowa."

Namwinoyo anaseka mwaulemu n'kutenga chikwama chake. Chimene ankafuna kunena chinali chakuti pampu yokweza bipi inafa mbandakucha, ndipo pothamanga kuika ina, yatsopanoyo anaimangirira pansi, yogonetsa n'kukwera pamwamba. Anali atalemba zonsezi m'faelo, pa tsamba lachitatu, choncho anadziuza kuti a Sisitala akaziwerenga.

Dzuwa litakwera, adokotala anaima pa bedi lija, anayang'ana manambala, n'kunena kuti okweza bipi awonjezeredwe pang'ono. Namwino wamwamuna amene ankagwira ndi a Mphenzi tsikulo anali pa sinki akusamba m'manja. Iyeyu ankamutcha Bilimankhwe chifukwa chilichonse ankachiwerenga kawiri asanachigwire.

"Ndikubwera, a Sisitala, tiwerengere limodzi," anatero.

"Pofika inu, achimwene, wodwalayu akhala atachira, atakwatitsa ndi ana omwe," anayankha a Mphenzi. Amene anali pafupi anaseka, adokotala nawonso anamwetulira akulemba.

"Lamulotu si langa."

"Lamulo analembera ophunzira. Ine ndinayamba kugwira mapampu inu mukuyenda ndi kabudula wong'ambika kumbuyo."

Atatero anatambasula dzanja n'kudina pampu yapamwamba, maso ali kale pa bedi lina.

Patapita mphindi khumi, bipi m'malo mokwera inatsika. A Mphenzi anadinanso pomwepo. Inatsikabe. Adokotala anabwerera, anasinika pamimba pa wodwalayo, n'kuganiza kuti mwina mkati mukutayika magazi. Anatuma munthu kukatenga magazi, anaimbira a opaleshoni kuti akonzeke, ndipo analamula kuti mankhwala aja akwezedwenso. A Mphenzi anadina kachitatu. Aliyense anali ndi chochita, ndipo aliyense ankachichita bwino, koma onse ankathamangitsa chilombo chimene munalibe m'tchiremo.

Bilimankhwe anali pa bedi lachisanu, akutembenuza gogo wina. Zinamudabwitsa kuti mankhwala amene amadzutsa bipi mwamsanga lero akukanika katatu konse. Anatsegula pakamwa, koma kuseka kuja kunali kukadali m'makutu mwake. Anadziuza kuti adokotala alipo, a Sisitala alipo, ndiye iye ndani? Anameza mawuwo n'kupitiriza kukonza pilo.

Kenaka makina a pa bedi lachinayi analira kulira kwina, kosalekeza. Mtima wa wowotcherera zitsulo unali utaima. Adokotala anakwera pa kampando n'kuyamba kusinika chifuwa, akuwerenga mokweza. Bilimankhwe anathamangira kumutu kwa bedi, ndipo popeza ndi mmene manja ake anazolowerera, anagwira kapaipi ka pampu yapamwamba n'kukalondola ndi chala kubwerera ku jakisoni. Anawerenga kapepala. Anawerenganso.

"A Sisitala, tabwerani kuno. Apa palembedwa chiyani?"

"Ino si nthawi yake, achimwene!"

"Werengani basi."

A Mphenzi anawerama n'kuyamba kutchula dzina la mankhwalawo, koma mawu anawathera pakati. Kwa theka la ola anakhala akuthira mankhwala ogonetsa mwa munthu amene magazi ake anali ofooka kale, pamene okweza bipi anali phee pansi, pa mlingo wa m'mawa. Anazimitsa yapamwamba, Bilimankhwe anakweza yapansi uku akutchula nambala mokweza, iwo n'kuibwereza.

Mtima unabwerera patatha mphindi zinayi. Nthiti ziwiri zinali zitathyoka, ndipo pofika masana mkodzo unali utasiyiratu kutuluka. Impso zinakhala nthawi yaitali osalandira magazi okwanira. Adokotala anati bamboyo adzafunika makina osefa magazi kwa milungu ingapo, ndipo ngati impsozo zidzadzuke kapena ayi, panalibe amene akanalonjeza.

Mkazi wake anali pa benchi ya m'khonde, pamene ankakhala tsiku lililonse ndi beseni, sopo ndi thaulo lopinda bwino, kudikira ola loona odwala. Adokotala ndi a Mphenzi anatuluka limodzi. Adokotala anafotokoza za mtima ndi impso, kenaka anasiyira a Mphenzi mbali yotsalayo, imene iwo anali atapempha kuti ainene okha. Anainena yonse, osachotsera, maso ali pa beseni.

Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire, sanakalipe.

"Ntchito imakuchulukirani, ndimakuonani ndili pompano," anatero. "Ndiye kuti munalipo nokha, a nesi? Panalibe wokuthandizani kuona?"

"Analipo, mayi."

"Anali kutali?"

"Ayi. Anali pa sinki, akubwera."

"Nanga?"

"Ndinamukaniza ndine."

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali, monga munthu ayang'anira chinthu chimene sakuchidziwa dzina. Kenaka ananyamula beseni lake.

"Ndingalowe ndikawaone bambo a ana anga?"

Adokotala anamutsegulira chitseko. A Mphenzi anatsala m'khondemo, manja awo odziwa ntchito aja ali lende. Maso awiri, ngakhale akuthwa chotani, amaona chimene azolowera kuona. N'chifukwa chake akale anati, ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.